Kachigayo ka malume

Bokosi lake linali lokongola kuposa la foni yanga. Pamwamba panali chithunzi cha chinsomba chitadumpha m'madzi, kukamwa kuli yasaa, ndipo pambali analembapo ndi zilembo zagolide kuti 12+1 BB. Sindinkadziwa kuti BB n'chiyani, koma masamu ndiye ndinakhoza: 13 ndi wamkulu kuposa 4. Reel ina yomwe inali pashelefu yomweyo, yakuda bii, yosawala, yodula kuposa kawiri, inangolembedwa 3+1 basi. Ndinaseka chamumtima kuti anthu akuberedwa dzuwa likuswa mtengo. Ndinapereka K22,000, wogulitsa n'kundiikirapo ndodo yake yolowetsana ngati eriyo ya wailesi, ndipo ndinatuluka m'sitolomo ndikuyenda ngati munthu amene wachenjerera tauni yonse ya Lilongwe.

Munali mu Epulo 2023, malipiro anga achiwiri chiyambireni ntchito, nditatha chaka ndi theka ndikuyenda ndi envelopu ya khaki m'maofesi. Reel imeneyi sinali yanga. Ine ndi nsomba timakumana m'mbale. Inali ya malume.

Kwathu ndi ku Nkhotakota, cha ku Chia, paja msewu wa M5 umadutsa pamlatho ndipo ogulitsa amakuimikirani chambo m'mwamba galimoto isanaime n'komwe. Bambo anatisiya ndili Sitandade 6, ndiye amene anasenza mbumba yonse anali malume, mlongo wawo wa mayi. Anali ndi boti lamatabwa, injini ya Yamaha ndi chilimira. Kunena mosabisa, ine ndinaphunzira sukulu ndi usipa. Yunifolomu usipa, fizi usipa, thiransipoti yopitira ku koleji usipa. Chaka changa chomaliza zinthu zinathina. Kunyanja kunali kouma, ine kuno ndikufuna fizi, renti ndi laputopu yolembera project. Ndalama zinabwera ndithu, nthawi yake isanakwane. Sindinafunse kuti zachokera kuti. Ndinadzamva nditavala kale gauni kuti malume anayamba agulitsa injini, kenako boti lomwe.

Pamene ndimayamba ntchito n'kuti phewa lawo lamanja litayamba kuvuta, moti ngakhale bwato lobwereka sakanatha kulipalasa mtunda wautali. Munthu amene ankalamula gulu la anyamata usiku pakati pa nyanja anali atasanduka wokhala m'mphepete mwa bango ndi nsungwi, kudikira timakumba tokwana m'dzanja. Ndinkakumbukira kuti ndili mwana kunkabwera alendo a m'tauni kumapeto kwa sabata, n'kuwachita hayala malume kuti akawaonetse malo a nsomba. Pobwera ankasimba za kachipangizo ka alendowo. “Kachigayo kaja n'koopsa,” ankatero. “Munthu ali pamtunda, koma mbedza ikukagwera pamene pamaima bwato.” Ndiye ndinaganiza kuti ngati phewa lakana kupalasa, kachigayo kawafikitsa komwe nsungwi singafike.

Anakalandira ndi manja awiri. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kupukusa pang'ono, n'kumvetsera. “Mphwanga, zinthu zimenezi n'zodula. Ukanayamba wagula kaye bedi.” Ndinawaonetsa kaponyedwe kake monga ndinaonera pa vidiyo imodzi ya mphindi zinayi, ndinawajambula, ndinaika pa status, anthu n'kundiyamikira kuti ndine mwana wokumbukira kwawo. M'minibasi pobwerera ndinkamva ngati ngongole ya boti ija ndaidulako chigawo.

Miyezi itatu yotsatira, ndikaimba foni funso linali lomwelo. “Kachigayo kakugwira?” Yankho linalinso lomwelo. “Kali bwino, mphwanga, kali bwino.” Mu Ogasiti ndinapita kumudzi ku ukwati, ndipo m'mawa mwake ndinawapeza kubango ndi nsungwi yawo yakale ija. Anati mwera wavuta, kachigayo sikafuna mphepo. Ndinakhulupirira. Amene anandiphulitsira nkhani ndi msuweni wanga, mwana wawo wamkazi, yemwe chibadwire sanandichitirepo chifundo.

“A digiri,” anatero uku akupala mamba, “chidole chanu chija chinatha masabata atatu. Kaoneni kunsi kwa bedi.”

Ndinakapezadi konko, kali m'bokosi lake, bokosilo atalikulunga m'chitenje ngati kuti ndi chikalata cha munda. Chopukusira chinkangozungulira chokha, osakoka kanthu, m'kati mukumveka ngati muli mchenga. Msuweni anandifotokozera mmene zinakhalira. Tsiku lina chakumadzulo nyambo inatengedwa ndi chinthu chachikulu, mwina mlamba. Malume anapukusa, chinthucho chinakana, anapukusa mwamphamvu, kenako kunamveka kuti khwee, chopukusira n'kupepuka m'manja. Anataya ndodo pansi n'kuyamba kukoka chingwe ndi manja monga anazolowera, koma chinaduka. Anabwerera kunyumba ndi chala chochekeka, n'kulamula kuti wina asandiuze, poti mwanayo wawononga ndalama zake zoyamba.

Zimenezi zinandipweteka kuposa K22,000 ija. Ndinawapatsa mphatso yomwe inawasandutsa osunga chinsinsi, kuti ine ndisachite manyazi.

Madzulo ake ndinapita nako kwa mkulu wina wokonza njinga pa trading centre. Sanaonepo reel m'kati, koma anati chilichonse chokhala ndi magiya n'chachibale ndi njinga. Anamasula ma screw, n'kutsegula chivindikiro cha m'mbali, n'kundiitana. Giya yaikulu inali itatha mano mbali imodzi, ndipo girizi yense anali mbuu ndi tizidutswa ta chitsulo. Anakanda giyayo ndi nsonga ya mpeni, n'kuchoka kachibanthu. “Ichi si chitsulo, achimwene, ndi phala louma.” Ndinamupempha kuti awerenge ma bearing, poti ndinali nditadziwa tsopano kuti BB ndi ball bearing. Anapeza atatu. Malo ena onse munali timphete ta pulasitiki. Akuluakulu ananena kale za chikomekome cha nkhuyu, koma ine ndinachita kulipira kuti ndione nyererezo ndi maso anga.

Kuchokera tsiku limenelo bandulo yanga inayamba kuthera pa YouTube, kuonera anthu akumasula ma reel. Ndikuuzeni zomwe ndinatolako, mwina wina mwa inu ali ndi malume wake, kapena mwangotopa ndi kuonera mpira Loweruka lililonse ndipo mukufuna kuyesa dzanja ku damu.

Choyamba, nambala ya ma bearing ndi nyambo yokolera ogula. Ka +1 kaja ndi bearing yapadera yoletsa chopukusira kubwerera m'mbuyo, ndipo imeneyo ndi yofunikadi. Enawo amangothandiza kuti zinthu zizizungulira mosalala. Ma bearing atatu kapena anayi achitsulo chabwino, oikidwa pamalo oyenera, amaposa khumi ndi awiri ochita dzimbiri mvula yoyamba, ngati alimo n'komwe. Reel yakuda ija ndinaiseka m'sitolo inkanena zoona, yanga ndi imene inkanama.

Chachiwiri, mtima wa reel ndi drag, ndipo ine ndinapereka mphatso ndisakudziwa kuti chinthu chimenechi chilipo. Drag ndi buleki. Pamwamba pa spool, pomwe pamakulungika chingwe, pali kachitsekerero kopotokola. Kunsi kwake kuli timawashala tosanjikizana, tina tachitsulo, tina tansalu yokhuthala kapena ta carbon. Nsomba ikakoka kupyola muyezo womwe mwaika, spool imaterereka n'kuyamba kupereka chingwe uku ikulira kuti tsiii, nsombayo n'kumathawa itanyamula katundu mpaka kutopa. Drag yabwino imapereka chingwe mosalekeza ngati madzi a pampopi. Yoipa imagwira, kenako kusiya mwadzidzidzi, kenako kugwiranso, ndipo pogwira pamenepo ndi pomwe chingwe chimadukira. Mungathe kuiyesa m'sitolo momwemo: mangani drag pang'ono, zunguzani spool ndi dzanja, mumve ngati ikuyenda mofanana kapena ikuchita kudumphadumpha.

Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti mlandu sunali wa reel yokha. Malume anali atamanga kachitsekerero kaja mpaka kumapeto, poganiza kuti kakhwefuka, ndipo palibe anawauza kuti kamayenera kukhala choncho. Komanso reel si chokokera ngolo. Nsomba imakokedwa ndi ndodo: mumakweza ndodo pang'onopang'ono, kenako mukamaitsitsa ndi pomwe mumapukusa kuti mutolere chingwe chomwe mwapeza. Mukamalimbana ndi nsomba ndi chopukusira, mphamvu yonse imathera pa mano a giya. Giya yabwino ikanapirira tsiku limenelo, koma nayonso ikanadzatopa. Theka la ngozi ija linali phala louma, theka linalo linali vidiyo yanga ya mphindi zinayi.

Chachitatu ndi thupi lake. Ma reel otsika mtengo ambiri ndi a graphite, yomwe ndi yopepuka ndipo sichita dzimbiri, koma nsomba yolemera ikakoka imapindika pang'ono. Thupi likapindika, magiya m'kati sakumananso bwino, n'kuyamba kudyana. Thupi la aluminiyamu silipindika wamba, koma mtengo wake ndi wina. Graphite ya kampani yodziwa ntchito imakwanira pa nsomba zathu zambiri. Poyesa, gwirani mwendo wa reel ndi dzanja limodzi, thupi lake ndi linalo, mupotokole pang'ono. Ikamavomera ngati sandasi, isiyeni. Gwedezaninso chopukusira. Kakugwedera kochepa kamakhalapo, koma chikamachita khwekhwerekhwe chidakali chatsopano, dziwani kuti m'katimo zinthu sizinakhale bwino.

Chachinayi ndi manambala awiri omwe amakhala pabokosi. Ina ndi saizi. Ma 1000 mpaka 2500 ndi a nsomba zing'onozing'ono ndi chingwe chopyapyala, ma 3000 ndi 4000 ndi apakatikati, ndipo kuyambira 5000 kupita m'mwamba ndi a zinsomba zikuluzikulu. Makampani sayeza mofanana, choncho 4000 ya uyu ikhoza kukula ngati 3000 ya uja. Chodalirika ndi zomwe amalemba pa spool, zoti imalowa mamita angati a chingwe chokhuthala bwanji. Nambala inayo ndi monga 5.2:1, kutanthauza kuti mukapukusa kamodzi, kamutu kokulunga chingwe kamazungulira kasanu ndi pang'ono. Ya 6.2:1 imatolera chingwe msanga koma imalemera nsomba ikakana. Aliyense amene anakwerapo njinga ya magiya akudziwa kusiyana kwa giya yothamangira patala ndi yokwerera chitunda. Kwa munthu wa phewa lovuta, ndinafuna ya chitunda.

Chachisanu, musalipire zomwe simukuzifuna. Ma reel ambiri odula amadula chifukwa anawatseka kuti madzi amchere asalowe. Nyanja yathu ilibe mchere. Mdani wathu ndi mchenga, ndipo mankhwala ake ndi aulere: osaigoneka pansi, kuipukuta ndi kansalu konyowa mukaweruka, kudonthezera kadontho ka mafuta pa kagudumu komwe chingwe chimadutsapo, ndi kumasula drag poisunga kuti timawashala tisaphwatalale.

Chomaliza, funsani kuti ikathyoka mudzatani. Pali kawaya kopindika kamene mumatsegula poponya, ndipo kasipuling'i kake ndi kamodzi mwa tinthu toyamba kutopa. Makampani odziwika monga Shimano, Daiwa, Okuma ndi Penn amakhala ndi chithunzi cha ziwalo zonse za reel, chilichonse ndi nambala yake, moti kasipuling'i kakatha mukhoza kuitanitsa kena. Reel yopanda dzina ikathyoka, yathera pomwepo. N'chifukwa chake ya kaunjika ya dzina lodziwika, yosamalidwa bwino, imaposa yatsopano yonyezimira. Koma werengani dzinalo chilembo ndi chilembo, poti pali ena amangosintha kachilembo kamodzi.

Nditabwerera ku sitolo ija, yakuda ija inali itagulidwa kalekale, kutatsala abale ake a yanga. Ndinalembera mnzanga wa ku koleji yemwe ali ku Johannesburg. Anaseka nditamuuza dzina lomwe malume anaipatsa, n'kundiuza kuti a ku South Africa nawonso reel yamtundu umenewu amaitcha coffee grinder, kachigayo ka khofi. Ndiye kuti malume sanaphonye.

Mtima wanga unali pa Daiwa BG, ya thupi la aluminiyamu, yomwe aliyense pa intaneti ankaitama kuti siifa. Ndinayamba kusunga pang'onopang'ono. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zomwe ndinasunga miyezi itatu zinafota usiku umodzi ndili mtulo. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa chilungamo. Kodi BG ndikuifunira malume, kapena ndikufuna kuti mphatso ikule mofanana ndi manyazi anga? Malume sakupita kukalimbana ndi shaki. Akufuna kuponya kuseri kwa bango, kukoka mlamba wa ndiwo za masiku awiri, mwina ncheni ikalakwitsa njira. Ndinasankha Shimano Sienna 4000: thupi la graphite, 5.2:1, ndipo pabokosi pake, mwandimva, 3+1. Pamodzi ndi ndodo ya zigawo ziwiri ndi ya transipota wobweretsa katundu kuchokera ku Joni, zinandidyera pafupifupi theka la malipiro a mwezi. Bedi lija linadikiranso.

Ndisanapite nayo kwa malume ndinadzera kwa mkulu wa njinga uja. Ataona dzina anamwetulira ngati wakumana ndi mnzake wakale. Ndinamuuza zomwe ndinawerenga, kuti kampaniyi inayamba mu 1921 mumzinda wa Sakai ku Japan ndi kupanga mafuliwilo a njinga, zowedzera n'kudzayamba mu 1970. “Ndinakuuzani kuti n'zachibale,” anatero. Anapukusa, n'kuika khutu, n'kugwedeza mutu. Sanaitsegule.

Inali Pasaka ya 2024. Ulendo uno sindinajambule chilichonse. Malume atangoona bokosi anayang'ana kwa mwana wawo, iye n'kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame.

“Ndinamva zonse, malume,” ndinatero. “Cholakwa chinali changa. Ndinagula chinthu chabodza, komanso sindinakuuzeni kagwiritsidwe kake poti nanenso sindinkadziwa.”

Anakhala chete kanthawi. “Nsomba ija inali yaikulu,” anatero. Nkhani ya kachigayo koyamba inathera pomwepo.

Tinakulunga chingwe cha 0.30 mm, cholembedwa kuti chimaduka pa makilogalamu 6, n'kusiya kampata ka mamilimita awiri kapena atatu kukamwa kwa spool kuti chisamakhuthuke chokha. Kenako ndinatenga chigubu cha Sobo cha malita awiri, n'kudzazamo madzi. Lamulo lomwe owedza ambiri amatsata ndi loti drag iziyamba kupereka chingwe pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwecho. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye malita awiri ndi gawo limodzi mwa atatu a 6. Tinamangirira chigubu kuchingwe, malume n'kumakweza ndodo, ine n'kumapotokola kachitsekerero mpaka pomwe chigubu chimati chikangoti chinyamuke, spool n'kuyamba kulira. Ana a m'mudzi anatizungulira kudzaona akuluakulu awiri akuwedza Sobo pabwalo.

“Ndiye ikamalira chonchi ndisapukuse?”

“Musapukuse. Muisiye ithawe.”

Anaseka. “Ndi mmene timachitira ndi chingwe cha m'manja. Umaipatsa, umailanda, umaipatsa. Bwanji sunanene kuti kachigayoka kali ndi zala?”

Apa m'pamene ndinaona kuti ndakhala miyezi ndikuphunzira pa foni chinthu chomwe munthuyu anachidziwa ndisanabadwe. Chomwe ankasowa ndi woti awauze kuti zala zawo zija azipeza pati pa chipangizochi. Madzulo titapita kumadzi, ine wodziwa manambala ndinakoletsa mbedza m'bango kawiri. Iwo pofika kuponya kwachisanu anali akugwetsa nyambo pamalo amodzimodzi, pomwe madzi amasintha mtundu, ndipo ankatseka kawaya kaja ndi dzanja monga ndinawauzira kuti kasipuling'i kakhalitse. Sitinaphe kanthu tsiku limenelo. Tinadya nyemba.

Pobwerera kunyumba mdima utagwa, ndinalimba mtima n'kutchula za boti. Ndinati ndikudziwa zomwe anachita, ndipo tsiku lina ndidzawagulira lina. Anayenda masitepe angapo osayankha.

“Boti lija linali litayamba kale kuchucha,” anatero. “Unandithandiza kulitaya.”

Nditamufunsa msuweni m'mawa mwake, anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati nyanja ili ndi madzi. “Linali la zaka ziwiri, a digiri. Kuchucha kwake kuti?”

Patatha milungu itatu kondakitala wina wa minibasi ya ku Nkhotakota anandiimbira kuti ndikatenge katundu wanga ku depoti. Kanali kakatoni komangidwa ndi luzi, m'kati muli mlamba wowamba, wodulidwa zidutswa zinayi poti wathunthu sukanalowa. Panalibe kalata. Ndinaimba foni.

“Kachigayo kakugwira?”

“Kanalira,” anatero malume. “Ndinakasiya kalire.”

Mpaka lero kakugwirabe. Msuweni akuti amakapukuta madzulo aliwonse ndi kansalu kakekake ndipo salola mwana aliyense kukakhudza. Kakale kaja ndinabwera nako kuno, kali pawindo, golide wake akusuluka ndi dzuwa. Ndinatsegula akaunti ina yomwe ndimaponyamo kangachepe mwezi ukatha. Pa mitengo ya injini ya masiku ano, ndi kwacha yathuyi, sindikudziwa ngati ndidzafike phewa lawo lisanatheretu, kapena ngati adzavomere n'komwe. Msuweni akuti ndisavutike, bola ndizitumiza chingwe chatsopano chaka chilichonse, poti chakale chimafooka ndi dzuwa. Cha chaka chino ndatumiza sabata yatha.